Maimelo a Lamulungu

Mayi ake atawadula mwendo chifukwa cha shuga, Moelagi anapempha kuti azigwirira ntchito kunyumba. Njira ina panalibe. Mwamuna wake, Fereti, ankalawirira kukayendetsa basi, ana atatu onse anali pasukulu, ndipo a Sipaia, mayi akewo, sankatha ngakhale kutembenuka okha pamatiresi. Chilonda chinkafuna kutsuka m'mawa ndi madzulo. Amene sanadwazikepo munthu asayankhe.

Abwana ake anali a Leafaina, mayi wachikulire, mwini kampani yotumiza nthochi ndi talo, chakudya chonga madumbe, ku Auckland. Anali a mudzi womwewo, pafupi ndi tauni ya Apia, tchalitchi chomwecho, ndiponso mkulu wa amayi a mpingo. Anamvetsera pempholo akudzikupiza, kenako anavomera, koma anati ndi mwezi umodzi woyesa.

"Ndikangoona zokhota ubwerera pa desiki yako," anatero. "Ukalephera kubwerera, desikiyo ipeza mwini wina."

Ntchito ya Moelagi inali makalata. Kontena ikadzaza, iye ndiye ankalembera ogula kuti mwalowa matumba angati ndipo sitima inyamuka liti, kope la kalata iliyonse n'kupita kwa a Leafaina. Maimelo amenewa ankayenera kuchoka pa adiresi ya kampani, chifukwa wogula sangakhulupirire kalata yochokera pa adiresi ya munthu wamba. Kampani inati ilibe laputopu yobwereketsa. Ndiye mlongo wake Talosaga, amene ankagwira ntchito pa fakitale ya nsomba zam'chitini ku Pago Pago, pa chilumba china cha dziko loyandikana nalo, anamutumizira yake yakale pa sitima, ataikulunga m'thaulo. Fereti anakaitenga kudoko, n'kukhala nayo pamiyendo mpaka belu la mapemphero a madzulo litalira, akudinadina ngati munthu wodziwa. Pomaliza anati waikonza bwinobwino. Moelagi anali kuchapa nsalu za wodwala, sanafunse kuti wakonza chiyani.

M'mawa mwake anatsegula pulogalamu ya maimelo, n'kulembamo adiresi ya kuntchito ndi pasiwedi. Makalata analowa onse, ngakhale a chaka chatha amene sankawafuna. Koma kutuluka ayi. Iliyonse imene analemba inkangoima m'kabokosi ka zotuluka, inzake n'kuipeza pomwepo, ngati anthu odikira basi ya Fereti tsiku la mvula.

Zikatero pankafunika Pelenato. Ameneyu anali mphwawo wa a Leafaina, mwana wa mlongo wawo, wokonza makompyuta pa ofesi. Analinso ndi ntchito ina: a Leafaina ankati galasi la kompyuta limawapweteka maso, ndiye Pelenato ankawapulintira maimelo onse, iwo n'kumawerenga pa pepala akapeza nthawi. Moelagi analibe naye chifukwa, kupatula chimodzi. Sabata yomwe iye anachoka pa ofesi, mkazi wa Pelenato, Vaiola, amene anali atangomaliza maphunziro, anayamba kukhala pa desiki ija. Ankati n'kuti pasachuluke fumbi.

Pelenato anabwera masana, anavula nsapato, anakhala pansi kupereka moni kwa a Sipaia monga mwa ulemu, anadya zitumbuwa zinayi, kenako anadandaula kuti netiweki ya mudzi uno ndi yaulesi kuposa agalu ake. Anafotokoza kuti kulandira kuli ndi khomo lake, kutumiza kulinso ndi khomo lake. Moelagi anali atatsegula khomo lolowera lokha. Pankafunika dzina la seva yotumizira, nambala yake, ndi kuchonga pakabokosi kena kuti sevayo izifunsa dzina ndi pasiwedi isanatulutse kalata, apo ayi imaona ngati ndiwe mlendo amene akufuna kulemba m'dzina la kampani.

"Pasiwedi yanu, mlongo?"

Moelagi anakoka laputopu, analemba yekha atatchinga ndi phewa.

Pelenato anaseka. "Mukundibisira ine? Pasiwediyo ndinakupatsani ndine."

Pomwepo a Sipaia anaitana. Bandeji inali itanyowa. Moelagi anatenga beseni, n'kumusiya mnyamatayo yekha ndi makina. Kutsuka chilonda sikuthamangirika. Atabwerera anapeza kabokosi ka zotuluka kali mbee, makalata onse apita, Pelenato akupukuta mafuta a zitumbuwa m'manja. Anamuthokoza, anamupatsanso phava la nthochi. Nthawi imene anamusiya yekhayo anadzaikumbukira pambuyo pake.

Masabata awiri zinthu zinayenda. Ankadzuka, kusambitsa mayi ake, kuthamangitsa ana kusukulu, kenako n'kukhala pa tebulo la kukhitchini. Loweruka m'mawa, kontena ikalowa kudoko, ankatumiza kalata yomaliza ya sabata n'kutseka makina. Lamulungu Fereti ndi ana ankavala zoyera kupita ku tchalitchi, iye n'kutsala ndi wodwala, akumvera kwaya ili patali. Laputopu inkagona pamwamba pa kabati, itavundikiridwa ndi thaulo lomwe inabwera nalo lija.

Lachisanu la sabata yachitatu galimoto ya a Leafaina inaima pabwalo. Anatsika ndi dengu la zipatso, anakhala ndi a Sipaia, anapemphera nawo. Koma maso awo ankayendayenda m'nyumbamo, pa tebulo, pa kabati, pa soketi ya kukhoma, ndipo Moelagi anadziwa kuti dengulo ndi chophimba chabe. Atatha pemphero anamukodola kuti apite kukhitchini. Anatulutsa mapepala awiri m'chikwama n'kuwayala pa tebulo.

Anali makalata ake a kontena, awiri onse. Chala cha a Leafaina chinali pamwamba, pamene pamalembedwa tsiku. Pa onse awiri panalembedwa Lamulungu, nthawi itangopitirira naini koloko m'mawa. Aliyense m'mudzimo amadziwa kuti nthawi imeneyo abusa amakhala ali pa guwa.

A Leafaina analankhula motsitsa mawu. Anati amayi a mpingo akhala akufunsa za Moelagi, iwo n'kumamuikira kumbuyo kuti ali ndi wodwala. Anati pamwamba pa makalatawo pali dzina la kampani yawo, ndipo ogula a ku Auckland ndi anthu opemphera, mmodzi ndi mkulu wa mpingo. Anati mafumu a m'mudzi akamva kuti wagwira ntchito Lamulungu, chindapusa chigwera banja lonse, ndipo dzina la a Sipaia litchulidwa pabwalo iwo ali chigonere. Anawonjezera kuti si awiri okhawa. Makalata ena onse akuoneka kuti amachoka mochedwa ndi tsiku, ya Lachitatu kuchoka Lachinayi.

"Ndinatumiza Loweruka," anatero Moelagi. "Lamulungu makinawa sindiwakhudza."

Anatsitsa laputopu pa kabati, anatsegula kabokosi ka zotumizidwa n'kuwatembenuzira. Makalata awiri omwewo analipo. Pa onse awiri panalembedwa Loweruka.

A Leafaina anayang'ana galasi, anayang'ana pepala, anayang'ana Moelagi.

"Chimodzi mwa ziwirizi wina wachigwira," anatero. "Ndipo makinawo amagona m'nyumba mwako."

"Pepalalo limagona m'manja mwa ndani?"

A Leafaina anapinda mapepala, anati Lolemba Moelagi abwerere pa desiki yake ndipo zogwirira kunyumba zathera pomwepo. Ngati sangathe kusiya wodwala, iwo amvetsa, Vaiola wayamba kale kuzolowera.

Nyumba zathu zilibe chinsinsi. Galimoto itangochoka, a Sipaia anafunsa ali chigonere, maso ali kudenga.

"Mwanangu, ine mankhwala aja amandigoneka m'mawa. Unagwiradi ntchito Lamulungu?"

Limeneli ndilo linamupweteka kuposa onse. Anangoti ayi, n'kupita kuseri kukachapa zinthu zimene zinali zochapa kale.

Ali pamenepo anayamba kulumikiza. Anamusiya yekha ndi makina ndani? Pelenato. Amadziwa pasiwedi ndani? Pelenato. Pepala lisanafike kwa a Leafaina limadutsa m'manja mwa ndani? Nanga desiki ikapeza mwini wina, mwiniyo amagona nyumba ya ndani? Sizinkafuna mneneri. Anapukuta manja n'kumuimbira foni. Anamuuza kuti anadya zitumbuwa zake n'kumukumbira dzenje, kuti ngati akufunira mkazi wake ntchito akapemphe ngati mwamuna, osati kubera munthu amene mayi ake alibe mwendo. Ananenanso zina zimene sizilembeka. Pelenato anangoti iye sanasinthe kanthu, ndipo mawu amenewo akawabwereze pamaso pa azakhali ake. Moelagi anadula foni. Ankadziwa yekha kuti khoswe wa pamkhate sapheka.

Fereti atabwera anamvetsera nkhani yonse akudya. Anati mwina angobwerera ku ofesi, amayi aziwasiya ndi mwana wamkulu. Moelagi anamufunsa ngati mwana wa zaka khumi ndi ziwiri anganyamule munthu wamkulu kupita naye kuchimbudzi. Fereti anati ndiye angosiya ntchito. Anamufunsa ngati basi yake ingagule mankhwala. Fereti anapitiriza kudya.

Loweruka anatumiza kalata ya kontena monga mwa masiku onse, chifukwa sitima sidikira milandu ya anthu. Anaiyang'ana nthawi yaitali itapita. Panalembedwa Loweruka.

Lamulungu masana, Fereti ndi ana atabwerako ku tchalitchi, onse anafukula chakudya pa miyala yamoto, talo, nsomba ndi masamba ophikira m'mkaka wa kokonati, n'kukhala pamkeka pafupi ndi a Sipaia. Foni inalira. Anali Talosaga, akuimba kuchokera ku Pago Pago kuti amve za mwendo. Kumbuyo kwake kunkamveka nyimbo za m'sitolo ndi matayala a ngolo zogulira zinthu.

"Iwe, uli m'sitolo tsiku la Mulungu?" anatero a Sipaia. Ankamunena choncho nthawi zonse.

"Amayi, kuno ndi Loweruka. Lamulungu lanulo litipeza mawa, tikhala titasamba."

Ana anaseka ngakhale nthabwalayo inali yakale. Palibe amene sadziwa kuti chichokereni chaka chija boma linalumpha tsiku limodzi kuti tizifanana ndi Auckland, ife ndi abale athu a ku Pago Pago timasiyana tsiku lathunthu. Nthawi imakhala yomweyo, dzuwa lomwelo, koma kuno Lamulungu, uko Loweruka.

Fereti anakuwira foni ali ndi nsomba mkamwa. "Alamu, ngakhale laputopu yanu ija inabwera ili ndi dzulo. Ndinachita kuikonza ndine."

Moelagi anasiya kudya.

Anadikira foni ithe, kenako anamufunsa Fereti kuti anakonza chiyani kwenikweni. Fereti anati palibe chovuta. Nthawi inali yolondola, tsiku ndiye linali lotsalira, ndiye iye anangolikankhira kutsogolo. Anamufunsa ngati anasinthanso china. Anati chinanso chiti?

Moelagi sanaphunzire za makompyuta, koma analera ana atatu, ndipo ankadziwa kuti mwana ukamuveka yunifolomu ya sukulu yatsopano osakamulembetsa, m'kaundula amakhalabe wa sukulu yakale. Makina aja anali atawaveka tsiku la kuno, koma palibe amene anawauza kuti anasamuka. Ankadziona ngati akadali ku Pago Pago. Akamatumiza kalata ankati, ino ndi ya Loweruka la ku Pago Pago. Ndipo kompyuta ya ku ofesi, poti imadziwa kuti Loweruka la uko ndi Lamulungu la kuno, inkawonjezera tsiku. Anaganiza kawiri, katatu, sanapeze polakwika. Koma kuganiza si kuona.

Anayang'ana pa kabati. Thaulo linali pomwepo. Mapazi awiri okha, akanatsegula n'kutsimikiza. Anatembenuka n'kupeza maso a a Sipaia ali pa iye. Linali Lamulungu.

Anakhalanso pansi.

Fereti, amene tsopano anali atazindikira kuti nkhaniyo ikulowera kwa iye, anati mawa m'mawa abwezeretsa zonse mmene zinalili asanapite ku basi.

"Ukaikhudza ndikudula dzanja," anatero Moelagi. "Isiye ili yolakwika choncho. Ndikuifuna ili yolakwika."

Lolemba Fereti sanapite ku basi. Anatsala ndi apongozi ake, beseni ndi malangizo amene anauzidwa katatu. Moelagi anakwera basi ya munthu wina, laputopu ili m'thaulo pachifuwa. Njira yonse ankadzifunsa funso limodzi. Bwanji ngati waganiza molakwa? Ndiye kuti wapita kukadzichititsa manyazi pamaso pa onse, n'kutuluka wopanda ntchito.

Pa desiki yake panali Vaiola, atasuntha mpando kuti uyang'ane kuwindo. Anapereka moni waulemu kwambiri. Pelenato sanadzutse mutu. Moelagi anadutsa onse awiri, anagogoda kwa a Leafaina, n'kuika makina pa tebulo lawo.

"Amayi, lero ndi tsiku lanji?"

"Wabwera kudzandiyesa ngati ndakalamba?"

"Ndingofuna munene ndinu."

"Lolemba."

Anawaonetsa pakona pa galasi. Panalembedwa Lolemba. Kenako analemba kalata ya mzere umodzi, iwo akuona, yopita kwa iwo omwe, n'kuitumiza. Anapempha kuti a Leafaina adzuke okha, akaime kumbuyo kwa mphwawo, aone kalatayo ikufika ndi kutuluka mu pulinta popanda wina kuigwira. A Leafaina anamuyang'ana ngati akufuna kumukumbutsa amene ali bwana. Koma anadzuka.

Pulinta inalira, pepala linatuluka lofunda. A Leafaina analitenga okha, anavala magalasi, analiyandikiza, analitalikiza.

"Lachiwiri," anatero. "Wandilembera kalata mawa."

Moelagi anapuma koyamba chichokereni Lachisanu. Anafotokoza za Pago Pago, za Talosaga, za Fereti ndi kukonza kwake. A Leafaina anamvetsera mpaka kumapeto. Anati amuna oyendetsa basi aziyendetsa basi. Kenako anauza Pelenato kuti akonze chinthucho.

Pelenato anakoka laputopu. Moelagi anaima pambali pake, maso ali pa zala. Anadina pakona, anatsegula kandandanda ka mayina a malo, anachotsa Pago Pago, anaika Apia, anabwezera tsiku m'malo mwake. Sanafunefune. Sanaime n'komwe kuti aganize. Anayesanso kalata ina, inatuluka ya Lolemba.

A Leafaina sapepesa, ndipo tsiku limenelo sanayambe. Anati Moelagi abwerere kwa mayi ake, azigwirira kunyumba mpaka chilonda chitapola. Anati Lamulungu likudzali atumiza amayi awiri a mpingo kukakhala ndi a Sipaia, kuti Moelagi adzaoneke mu tchalitchi atavala zoyera, chifukwa pakamwa pa anthu sipatsekedwa ndi pepala. Kenako anati amva kuti panali foni ina Lachisanu, imene mawu ake sanali a mwana wa a Sipaia.

Moelagi anatembenukira kwa Pelenato. Anati anamunamizira kuti anasintha mapepala, sanasinthe, ndipo akupepesa. Ananena momveka, kuti ndi Vaiola yemwe amve. Pelenato anati palibe kanthu, mlongo, tonse timatopa.

Akukulunga laputopu m'thaulo, Moelagi anafunsa ngati munthu wongofuna kudziwa.

"Koma achimwene, makalata angawa amayamba kufika pa kompyuta yanu, eti? Tsiku lomwelo ndikangotumiza. Masabata atatu onsewa simunaonepo kuti akubwera ndi tsiku la mawa?"

Pelenato anayang'ana pulinta. "Ine ndimangopulinta, mlongo. Sindiwerenga za eni."

Vaiola anali kufunafuna chinachake m'dirowa. A Leafaina anadzikupiza pang'onopang'ono, akuyang'ana mphwawo. Mwina Pelenato sanaonedi. Anthu amayang'ana zinthu tsiku ndi tsiku osaziona. Mwina. Moelagi analibe umboni, analibenso nthawi, ndipo ankadziwa mmene Fereti amamangira bandeji.

Asanatuluke anapempha kusintha pasiwedi. Pelenato anamuonetsa pochitira, ndipo Moelagi anatchinganso ndi phewa. Ulendo uno palibe anaseka. Podutsa pa desiki anatsegula chikwama, anatulutsa kapu yake ya tiyi, ya dzina lake pambali, imene anaitenga tsiku lochoka lija. Anaiika pakati penipeni pa desiki, pafupi ndi chigongono cha Vaiola, n'kunena kuti adzaifuna akabwerera.

Atafika kunyumba anapeza bandeji itamangidwa ngati katundu wa pamwamba pa basi. Anaimasula, anatenga beseni, n'kuyambiranso.